Usiku Umene Tinapima Mtambo ku Kanyama

Foni ya mu studio inalila nikali kuvula jekete yonyowa. Anali amai ena a ku Kanyama. Mawu awo nimawadziwa bwino, cifukwa amatuma foni pafupifupi wiki iliyonse kupatsa moni anzawo ogulitsa nawo ku msika wa Soweto. Tsiku limenelo sanapatse moni munthu aliyense.

"Iwe mwana wa pa wailesi," anatelo, "mailo unakamba kuti mvula izakhala ya apo na apo. Bwela uone. Apo na apo yako ili m'nyumba mwanga, yafika m'mawondo."

Mawu awo anali kumveka pa wailesi, komboni yonse inali kumva. Anayamba kuchula zimene zinaonongeka: thumba la unga la 25 kg, malasha, matilesi, mabuku a ana awili. Sanatukwane. Akanatukwana mwina cikanapepukako. Anangotsiliza na mawu akuti, "Sembe unatiuza, sembe tinakweza vinthu pamwamba." Ine ninaika nyimbo, cifukwa ninalibe yankho.

Munali mu Januwale 2023. Pa wailesi yathu ya m'komboni nimathandiza cabe, sinilandila malipilo. Nchito yanga ni ya madzulo: nyuzi, zilengezo za malilo, ana osowa, ndiyeno kothela nkhani ya nyengo. Nkhani ya nyengo imacokela ku Zambia Meteorological Department, ofesi ya boma imene yakhala ikugwila nchito imeneyi kuyambila mu 1967. Imabwela m'Cizungu, ine nimaimasulila pamenepo, maikolofoni ili kukamwa. Madzulo amenewo pepala linakamba za mvula ya mabingu m'madela osiyanasiyana, ndipo kumapeto kwake panali mawu atatu: isolated heavy falls. Ninaona liwu loyambalo, n'kuganiza kuti ni nkhani yaing'ono. Nthawi inali itatha, mnzanga wa pulogilamu ya bola anali ataimilila kale pakhomo. Ninati "mvula ya apo na apo", n'kutseka. Liwu lakuti yamphamvu ninalisiya pa pepala. A zanyengo anali atacenjeza. Amene anameza cenjezo ndine.

Nanenso nikhala ku Kanyama, conco usiku umenewo ninabwelela kunyumba nsapato zili m'manja, kudutsa anyamata obweleketsa majombo na onyamula anthu pa wilibala. Madzi a kwathu si nkhani yacilendo. Makolo athu akali kukumbuka cigumula ca mu 1978 cimene cinachedwa Kanyama Disaster. Malo athu ni athyathyathya, pansi pake pali mwala wa laimu, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambili. Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, nthaka imakhuta, madzi amasowa kopita. Amayamba kudzala m'mifolo, kenako m'zimbudzi za maenje, kenako m'zitsime na m'nyumba. Zonsezi ninali kuzidziwa kuyambila nili mwana. Cimene sininali kudziwa ni mmene anthu amene amalemba pepala lija amadziwila zimene amalemba. Ninali kuwelengela anthu zinthu zimene ine mwini sininali kuzimvetsa.

Pa laini yathu pali mkulu wina amene tonse timangowaitana kuti ba mudala. Amakonza mawailesi na maambulela pa khonde lawo. Ninali kudziwa kuti kale anali kugwila nchito ya boma, koma sininafunsepo kuti nchito yanji. Patapita masiku awili kucokela pa foni ija, malaiti anali atapita monga mwa masiku onse, cifukwa mwezi umenewo madzi anali atacepa ku Kariba. Tinali khale panja mumdima. Kumbali ya ku tauni, a chechi ina anali na msonkhano wa usiku, ndipo anali atayatsa cinyali camphamvu cija cimene cimazungulila kumwamba. Pamene kuwala kwake kunali kugunda mitambo, panali kuoneka cigamba coyela cikuyendayenda.

Ba mudala anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Nyali ija akanaiimika kuti iloze kumwamba ndendende, nikanakuuza kuti mtambo uja uli pa mamita angati."

Ninaseka. "Atate, mungapime mtambo na nyali?"

"Mwana wanga, ninadyela nchito imeneyo. Ana anga onse anaphunzila na ndalama ya mitambo."

Ndiye pamene ninadziwa kuti pa unyamata wawo anali opima nyengo pa kabwalo kena ka ndege kutali na Lusaka. Anatenga kamtengo n'kujambula pansi, ine nikuunikila na foni. Anajambula mzele umodzi woimilila, wina wogona, wacitatu wopendama wolumikiza iwili ija. Nyali imakhala pansi, ikuloza kumwamba. Kuwala kwake kumakwela mpaka kugunda kunsi kwa mtambo, n'kupanga cigamba coyela. Wopima amaima patali, pamalo amene mtunda wake kucokela pa nyali unapimidwa kale. Amayang'ana cigamba cija kudzela m'kacipangizo kamene kamaonetsa madigili a mmene wakwezela maso ake. Akadziwa mtunda wa pansi na madigili amenewo, kutalika kwa mtambo kumapezeka na masamu amene tonse tinawathawa ku sekondale, aja a tangent. Masana, pamene nyali siioneka, anali kuulutsa cibaluni cimene liwilo lake lokwelela limadziwika, n'kuwelenga mphindi mpaka cilowe mumtambo.

Ninawafunsa kuti n'cifukwa ciani munthu angavutike conco. Anati ni cifukwa ca ndege. Woyendetsa ndege akamatsika m'mitambo saona ciliconse, amadalila zipangizo. Afunika kudziwa kuti adzatuluka mumtambo atatsala na mtunda wotani kuti afike pansi. Ngati mtambo uli pansi kwambili, adzaona msewu wotelapo mocedwa. Ndiye cifukwa cake mabwalo a ndege padziko lonse amatulutsa lipoti lalifupi la nyengo lochedwa METAR, ola lililonse kapena theka la ola lililonse. Bwalo lathu la Kenneth Kaunda International Airport nalo limatulutsa, ndipo m'malipoti amenewo limadziwika na zilembo zakuti FLKK. Aliyense angawaone pa intaneti. Thambo amaligawa m'zigawo 8. Ngati mitambo yaphimba cigawo cimodzi kapena ziwili amalemba FEW, zitatu kapena zinayi SCT, zisanu mpaka 7 BKN, ndipo likaphimbika lonse OVC. Manambala atatu otsatila ni kutalika kwa mtambo m'mafiti, kuwelenga mahandiledi. Mukaona BKN020, ndiye kuti thambo laphimbika kwambili ndipo kunsi kwa mitambo kuli pa mafiti 2,000, amene ni mamita pafupifupi 600. Akaonjezapo CB, ni mtambo wa mabingu.

Masiku ano m'mabwalo akuluakulu a ndege munthu saimanso panja usiku na kacipangizo m'manja. Pali makina ochedwa ceilometer, amene amaponya kumwamba kuwala kwa laser kumene maso sangaone, n'kuwelenga nthawi imene kumatenga kuti kugunde mtambo na kubwelela. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Ngati mtambo uli pa mamita 1,500, ulendo wopita na wobwela ni makilomita atatu, ndipo umatha m'kagawo kamodzi ka sekondi yogawidwa ka 100,000. Makinawo amacita zimenezi usana na usiku osatopa. Ba mudala anakamba za makinawo mwaulemu, koma mwa ulemu umene munthu amapatsa mkamwini amene sanamusankhe yekha.

Maganizo akuti tiyese anacokela kwa mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene panthawiyo anali mu giledi 9. Anali kumvetsela ali pa citseko. "Amalume, protractor nili nayo mu seti yanga ya masamu," anatelo. Ba mudala anamuonetsa zocita. Anatenga paipi ya bolopeni yopanda inki n'kuimata m'mbali yoongoka ya protractor. Pakati anamangapo ulusi, kunsi kwa ulusi anamangako nati. Ukayang'ana cinthu kudzela m'paipi, ulusi umalendewela n'kuonetsa madigili. Ndipo anatipatsa njila yacidule yopanda tangent. Uyenda kucoka pa nyali mpaka ulusi ufike pa 45. Pamenepo, mtunda umene wayenda pansi ni wofanana na mtunda wocokela pa nyali kufika pa mtambo.

Nyali tinabweleka kwa makanika wa pa kona, spotlight ya pa motoka na batile yake. Anativomela pambuyo pomulonjeza kuti nidzapatsa moni galaji yake pa wailesi kwa wiki yathunthu. Tinayembekezela masiku anayi, cifukwa nyali yaing'ono ngati imeneyo siingafike pa mitambo ya patali. Tsiku lacisanu ba mudala anagogoda pa windo langa ca m'ma 04 hours. "Uka, watsika." Kunali mdima wa ndiwe yani, malaiti kulibe, thambo lonse lili phimbe, kamphepo kozizila kakuomba. Tinanyamula katundu kupita pa gilaundi ya bola. Nyali tinaiika m'ndowa ya mcenga kuti isagwedezeke, ba mudala n'kuiongola poyelekezela na cingwe colendewela. Makanika atalumikiza mawaya, mzati wa kuwala unaimilila. Pamwamba pake panaoneka kacigamba kofooka, ngati banga la sopo pa nsalu yakuda.

Ine na mwana wa mlongo wanga tinayamba kuyenda mumsewu woongoka umene umacoka pa gilaundi, ine nikuwelenga masitepe, iye akuima kawilikawili kuyang'ana m'paipi, foni ikuunikila ulusi. Agalu anayamba kuuwa. Pa sitepe ya 200 tinakumana na anyamata awili olonda m'komboni, atanyamula ndodo. Anafuna kudziwa cimene mwamuna wamkulu na mwana wa sukulu akucita usiku na ulusi na nati, akuyang'ana kumwamba. Nitawauza kuti tikupima mtambo, wina anabwelela m'mbuyo pang'ono. Cinatipulumutsa ni mawu anga, cifukwa mnzake anawazindikila. "Ah, ni ba apo na apo!" Dzina linali litafala kale. Anatipelekeza mpaka mtsikana uja anakuwa kuti, "Amalume, imani! Yafika!" Masitepe anali 360. Masitepe anga 10 amakwana mamita 7, conco mtambo unali pa mamita pafupifupi 250 pamwamba pa mitu yathu. Ba mudala anawelengela m'mutu n'kunena kuti pa nchito akanalemba OVC008.

Ninanyada ngati napambana mpikisano. Ninawauza kuti mtambo wotsika conco ndiye kuti lelo kugwa cimvula, nithamangile ku wailesi nikacenjeze anthu. Ba mudala anapukusa mutu. "Ukapita, uzanama kaciwili." Ndipo zinalidi conco. Tsiku lonse kunangogwa mawawa, ngakhale fumbi la pansi pa khonde silinanyowe. Pofika masana dzuwa linatuluka.

Madzulo ake ananifotokozela. Mtambo umene tinapima unali wopyapyala, woyalika ngati bulangeti, wopanda madzi ambili. Umene umatimiza ni wina, uja umayamba masana ngati mulu wa thonje, n'kumakula cokwela mpaka mutu wake kuphwatalala. Kunsi kwake kungakhale pa kilomita imodzi kapena kuposa, koma nsonga yake imafika makilomita 12, nthawi zina kupitilila. Nyali imangoona kunsi. Siikuuza za katundu amene ali pamwamba. "Wa ndege aopa kumene mtambo wathela," anatelo. "Iwe uopa zimene wanyamula. Cipangizo ciliconse cimayankha funso limodzi cabe. Ukacifunsa funso la cinzake, cizakunamiza, ndipo mlandu ni wako."

Kuyambila pamenepo ninayamba kukhala pa khonde lawo Ciwelu ciliconse. Ananikumbutsa za kabokosi koyela ka matabwa kamene tinali kukaona pa sukulu, kokhala na mipata m'mbali ngati mawindo a maluva. Dzina lake ni Stevenson screen, kucokela kwa Thomas Stevenson wa ku Scotland amene anakapanga mu 1864. Ni koyela kuti kasatenthe na dzuwa, kali na mipata kuti mphepo izidutsa, ndipo kamaimikidwa pamwamba pang'ono kuposa mita imodzi kuti kutentha kwa nthaka kusasokoneze. Mkati mumakhala ma thermometer. Ina ni youma, ina ili na kansalu konyowa kunsi kwake. Mphepo ikakhala youma, madzi a pa kansalu amauma msanga ndipo thermometer imeneyo imazizila kwambili kuposa inzake. Zikakhala pafupifupi zofanana, ndiye kuti mphepo yakhuta cinyezi. Kucokela pa ziwilizi amapeza kutentha kumene mame angayambe kupangika. Ndipo apa pali cinsinsi cina: digili iliyonse ya kusiyana pakati pa kutentha kwa mphepo na kutentha kwa mame ni mamita pafupifupi 125 kufika kunsi kwa mitambo ya masana. Ngati kunja kuli 28 ndipo mame ali pa 18, mitambo idzayambila ca pa mamita 1,250. Palinso tumakapu tutatu tozungulila pa mlongoti wa mamita 10 topima liwilo la mphepo, muvi woonetsa kumene ikucokela, na barometer yopima kulemela kwa mpweya.

Koma cipangizo cimene cinanigwila mtima ni cochipa pa zonse, copimila mvula. Ni cibekete cabe cokhala na fanelo pamwamba, ndipo amaciwelenga m'mawa uliwonse pa 08 hours. Zaka zonse ninali kuwelenga pa wailesi kuti kwakutikwakuti kwagwa mamilimita 40, osadziwa kuti nikukamba ciani. Milimita ni kanthu kakang'ono pa lula, ndiye 40 inali kumveka ngati masewela. Ba mudala anati milimita imodzi ya mvula ni lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali na mita imodzi m'lifupi. Tinapima denga la nyumba yathu, mamita 6 kwa 5, kutanthauza masikweya mita 30. Mvula ya mamilimita 40 pa denga limenelo ni malita 1,200. Ni zigubu 60 za malita 20, zija timakatunga pa kiosk. Ndiye denga limodzi cabe. Manje welengani madenga a pa laini yanu, muonjezepo mabwalo na misewu, mufunse kuti madzi onsewo adzapita kuti ngati mfolo wadzala na mabotolo na mapulasitiki. Pa caka Lusaka imalandila mamilimita pafupifupi 800, ambili mwa iwo pakati pa Novembala na Malichi. Vuto limabwela pamene gawo lalikulu lagwa usiku umodzi.

Tinapanga cathu. Botolo la pulasitiki la malita awili, la m'mbali moongoka, timalidula kumutu. Mutuwo timautembenuza n'kuulowetsa mkati kuti ukhale fanelo. Pansi timaikamo tumiyala kuti lisagwe, n'kuthilamo madzi mpaka apitilile pamene botolo lili na mabampu. Pamenepo ndiye pa zilo, ndipo lula imamatidwa kuyambila pamenepo. Liyenela kuima moongoka, poyela, kutali na khoma, mtengo kapena madzi ogwa kucokela pa malata. M'komboni malo otelo ni osowa kuposa nchito. Loyamba analitola ana ogulitsa mabotolo. Laciwili linagwetsedwa na bola. Lacitatu tinalimangilila pa mtengo wa waya woyanikila zovala, pamwamba, ndipo likalipo.

Ninafotokoza zimenezi pa wailesi, n'kupempha omvela amene angakwanitse kuti apange awo. Anayankha ni ocepa, koma anakwanila: mphunzitsi wina ku Matero, mnyamata wometa tsitsi ku Chawama, amai osoka ku Mtendere, wophunzila wina wokhala ku Kalingalinga, na mlonda wa pa sukulu ku George. M'mawa amatumiza manambala pa WhatsApp, ine nimalemba m'buku. Mabotolo athu si olondola ngati a boma, ndipo sitipikisana nawo. Koma bukulo linaniphunzitsa tanthauzo la liwu limene linanigwetsa. Tsiku lina ku Matero botolo linali na 46, ku Chawama 3, ku Mtendere louma. Mzinda umodzi, usiku umodzi. Ndiye isolated imeneyo. Siitanthauza kuti mvula ni yaing'ono. Itanthauza kuti idzasankha malo ocepa, ndipo amene yawasankha idzawapatsa yonse. Mtambo wa mabingu ungakhale waung'ono kuposa Lusaka, conco wopima amene ali ku bwalo la ndege, makilomita opitilila 20 kucokela m'tauni, angaone nyenyezi pamene ise tikuyoola madzi na mapoto.

Bukulo linanionetsanso cinthu cina ca pa laini yathu. Kumayambililo kwa nyengo, nthaka ikali na ludzu, mvula yaikulu imalowa pansi ndipo m'mawa timayenda na nsapato. Koma ikagwa masiku atatu motsatizana, ya tsiku lacinayi, ngakhale ikhale yocepelapo, ndiyo imafika pa citseko. Conco nambala ya lelo payokha siikwanila. Uyenela kuyang'ananso za dzulo na dzana.

Nyengo yotsatila inationetsa kuti nkhani imeneyi si ya matilesi cabe. Kolela imene inayamba mu Okutobala 2023 inakula pamene mvula inabwela. National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu amene anafunika kutsegulidwa mu Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale, ndipo anthu opitilila 700 anafa m'dziko lonse. Zilengezo za malilo zimene ninawelenga mwezi umenewo sinifuna kuzikumbuka. Kenako mvula inangoleka. Botolo langa linakhala louma masabata, cimanga ca abale athu kumudzi cinapsa m'munda, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Akulu anati walila mvula walila matope. Caka cimeneco tinalila zonse ziwili m'miyezi iwili.

Kumayambililo kwa caka comweco, akatswili a Zambia Meteorological Department pamodzi na anzawo a ku University of Leeds na a m'maiko ena anasonkhana mu Lusaka kuyesa njila yocenjeza anthu za mvula ya mabingu kukali maola ocepa, poyang'ana zithunzi za satellite zimene zimaonetsa mitambo ikukula. Komboni imene anasankha kugwila nayo nchito ni Kanyama. Nitamva, ninathamangila kukauza ba mudala. Anati n'zomveka: nyali imaona mtambo kucokela pansi, satellite imauona kucokela pamwamba, kumene kuli nsonga ija imene ise timaopa. Koma anaonjezela kuti cenjezo likacoka kumwamba kuja, likadutsa m'makompyuta onse, kothela kwake limafika pakamwa pa munthu ngati ine.

Masiku ano pepala la nyengo nimaliwelenga kawili nikalibe kulowa mu studio, ndipo nimalemba Cinyanja cake na bolopeni. Mnzanga wa bola anazolowela kuyembekezela. Nikaona mawu atatu aja nimakamba kuti, "Mvula siigwa konse, koma kumene igwe izagwa yamphamvu, ndipo palibe amene angakuuzeni motsimikiza kuti ni komboni iti. Ngati kwanu kwagwa kale masiku awili kapena atatu, kwezani unga, mabuku na makhadi a ku cipatala pamwamba mukalibe kugona. Madzi akumwa thilani klorini kapena wilitsani." Nthawi zina anthu amakweza katundu, mvula osabwela, ndipo m'mawa amaniseka pa foni. Kusekedwa kumeneko nimakulandila na manja awili.

Botolo silikumba mfolo. Madzi akali kulowa m'nyumba za ku Kanyama, ndipo adzapitiliza kulowa mpaka mifolo itakonzedwa na ise titaleka kutayamo zinyalala. Koma pa msonkhano wa m'dela lathu wokamba za mifolo, ninapita na buku lija. Pamene ena anali kukangana kuti madzi anayamba liti kulowa, ine ninatsegula tsamba n'kuwelenga tsiku na nambala. Anthu anakhala cete pang'ono, ndipo wolemba anapempha kuti ajambule masambawo.

Amai aja a foni ninawafunafuna mpaka ninawapeza ku Soweto, pa tebulo lawo la tomato. Ninapepesa. Ananiyang'ana kucokela kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti pa wailesi nimamveka wonenepa. Unga wawo sininabweze, ninalibe ndalama. Ninawapangila botolo. Poyamba anakana, amati alibe nthawi ya masewela a ana a sukulu. Koma mdzukulu wawo analimangilila pa mpanda, ndipo lomba m'nyengo ya mvula uthenga wawo ndiwo umayamba kufika, nthawi zambili 08 hours ikalibe kukwana, cifukwa amalawila ku msika. Salemba moni. Wa m'mawa wina mu Febuluwale unangoti: "Kuno 38. Madzi yangena pang'ono. Unga uli pa tebulo."